Ndinkayesa ndi mwana, chonsecho unali mpweya

Inu owerenga, ine ndinakhalapo miyezi yambiri ndikuyembekezera mwana amene kunalibe. Sindinanamize munthu ndi pakamwa, poti palibe anandifunsa. Ndinangolola mudzi wonse kukhulupirira, inenso n'kumakhulupirira nawo, pamene matenda anali kundidya m'matumbo pang'onopang'ono. Nkhani za m'mimba zilibe ulemu, choncho mundikhululukire pamene nditchule zosayenera kunena pagulu. Ndachita manyazi nthawi yaitali, ndipo manyaziwo anatsala pang'ono kundiika m'manda.

Kwathu ndi ku Msakambewa, koma ananditenga chitengwa kupita kwa amuna anga kumapiri a ku Ntchisi, kumene nkhungu imadzuka mochedwa kuposa anthu. Amuna angawo ndi mlimi wa fodya ndi mtedza, munthu wofatsa moti ngakhale nkhuku za pakhomo siziwathawa. Nyumba yathu inayang'anizana ndi ya amayi awo, apongozi anga, mayi wamasiye amene anabereka ana odzaza mphasa. Banja litangoyamba kumene ndinaima, koma mwanayo anakhala panjira, osafika m'chiberekero. Anandithamangitsira kuchipatala n'kundichita opaleshoni. Ndinabwerako ndi moyo wanga ndi chipsera pansi pa mchombo.

Kuchokera apo zaka zinangodutsa kuli zii. Anzanga amene anakwatiwa m'mbuyo mwanga ankabatizitsa ana kuparishi, ine n'kumawagwirira matewera ndi maambulera. Pamjigo nkhani inkasintha ndikangotula ndowa. Kenaka ndinamva kuti amalume a amuna anga ayamba kumawaitanira pambali, ati mwamuna sangakalambe wopanda mwana woti azimutuma. Ndife Akatolika, mitala sitiidziwa, koma inu mukudziwa kuti munthu akafuna njira amaipeza, ndipo katundu wa mkazi wa chitengwa sachedwa kumanga. Ndinkaona ndithu kuti pakhomo paja ndaima ndi mwendo umodzi.

Tsiku lina tinapita ku Mponela kukagulitsa mtedza. Mayi wina wogulitsa kaunjika, amene tinkangodziwana pamsika, anandiuza mwachifundo kuti vuto langa ndi laling'ono. Ati munthu akachitidwa opaleshoni m'chiberekero mumatsala zonyansa, ndiye pamafunika kutsukamo ndi makapisozi mwezi ndi mwezi. Anandilozera bambo wina wa kachikwama kuseri kwa mashopu, amene ankagulitsa makapisozi ofiira ndi achikasu. Sanandifunse chimene ndikudwala, nanenso sindinamufunse dzina la mankhwalawo. Poyamba ndinkamwa ndikangochoka kumwezi, kenaka ndinkamwa nthawi iliyonse imene mtima wandiuza kuti mwina simunayere. Makapisoziwo atayamba kundiotcha pamtima, bambo yemwe uja anandipatsa mapiritsi ena ozimitsa chilungulira, oti ndizimwa tsiku ndi tsiku. Dzinja linabwera n'kupita, linabweranso n'kupita, ine ndili pa ntchito yotsuka, amuna anga osadziwa kanthu.

Choyamba kunabwera kugeya, kugeya konunkha mazira oola. Kenaka m'mimba munayamba kulira ngati chigayo chakutali. Kuchimbudzi ndinkapita kangapo patsiku, zotuluka zake zotuwa, zamafutamafuta, za fungo loti ndinkadikira anthu achoke kaye pafupi. Masabata ena n'kumangika osapitako n'komwe. Ndinkati ndi zonyansa zija zikutuluka, ndipo ndinkakondwa. Ndiye mwezi wina sindinapite kumwezi. Wotsatira wake chimodzimodzi. Nseru inayamba, malovu kudzaza m'kamwa, chitenje n'kuyamba kundithina m'chiuno. Makapisozi otsala ndinawataya m'chimbudzi, ndikuthokoza mayi wa kaunjika uja mumtima.

Kwathu kuno pathupi satchula. Munthu wapakati safunsidwa, sayamikiridwa, amangoonedwa ndi diso. Ngakhale sikelo ambiri amayamba mochedwa dala, kuopa kuti a mtima woipa angadziwe msanga n'kumanga mwanayo. Ndiye m'mawa wina ndikuchokera kumjigo, apongozi anandichingamira, anandilanda ndowa pamutu osanena kanthu, n'kukaitula okha kukhitchini. Basi, mudzi wonse unamva. Azimayi anayamba kundipatsa malo pamthunzi. Amalume aja anasiya kubwera. Amuna anga anagula chitenje chatsopano ndi beseni, anaziika pamwamba pa kabati osatchula kuti n'za ndani, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akuimba mluzu popita kumunda.

Miyezi imeneyo ndimaikumbukira ngati maloto, ndipo ndisaname, inali yokoma. Pamwamba pa munda wathu pali thanthwe lalikulu pafupi ndi mitengo ya masuku. Poti khasu anali atandilanda, ndinkakwera kukakhala pamenepo n'kumaonerera nkhungu ikutsika kuchokera kunkhalango, ikumeza zigafa za fodya chimodzichimodzi, kenaka madenga, kenaka anthu olima, mpaka dziko lonse kutsala ine ndi thanthwe. Ndikaika dzanja pamimba ndinkamva kanthu kakuyenda, kuchoka uku kupita uku, pena kugunda pang'ono. Ndinkakalankhula. Ndinkakauza mayina a mapiri, ndi kumene kuli agogo ake ku Msakambewa, kuseri kwa zitunda zobiriwira zija. Nyimbo za kwaya zimene ndinkaimba ndili mtsikana zinabwerera zokha pakamwa. Masiku ena ndinkamuona ndithu mwanayo, kamtsikana ka miyendo yaitali, kakutola masuku m'nkhungumo, kakucheuka kuti ndikatsatire. Ndinkatsika pathanthwepo dzuwa litapendeka, osadziwa kuti nthawi yapita bwanji.

Mutu wanga unali wopepuka ngati si wanga. Ndinkathira mchere kawiri m'ndiwo, kuiwala chimene ndalowera m'nyumba, kuyankha munthu atachoka kale. Mapazi anayamba dzanzi, poyenda n'kumamva ngati ndikuponda thonje. Lilime linasalala n'kumawawa, m'mbali mwa milomo mukung'ambika. Zonsezi ndinkati ndi za pathupi, poti ndinamvapo kuti mwana amayamba kuyamwa mayi ake asanabadwe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa, ndipo apa ndi pamene ndimadziimba mlandu. M'mawa uliwonse ndinkadzuka mimba itaphwa. Inkayamba kukwera ndikadya, masana n'kuonekera, pofika madzulo ili nga nga nga ngati ng'oma yowamba kumene. Yankho ndinadzipezera ndekha, ndinati mwanayo m'mawa amagona chakumsana. Ndipo ndinaphunzira nzeru yoipa. Ndikadzuka ndinkayamba ndadya mbatata yogona kapena nyemba zotsala dzulo, n'kudikira m'nyumba kuti mimba ikwere, kenaka n'kutuluka kukapereka moni. Ndinkati ndikudzutsa mwana. Apongozi nawo, poona kuti manja anga akuuma, anawirikiza kundiphikira nyemba, kundisendera nzimbe, kundigulira mkaka. Ndikadya, mimba inkakula kuposa dzulo, tonse n'kumamwetulira.

Chinkandidabwitsa n'chakuti miyezi inkapita koma alangizi a kutchalitchi, amene amabwera kudzalangiza mayi wa pathupi poyamba, sankaitanidwa. Ndinkati mwina apongozi akudikira tikolole kaye. Za sikelo ndinkazengereza dala. Amuna anga atayesa kamodzi kunena kuti mwina tipite tikaonane ndi anamwino, ndinawakalipira kuti zimenezo si za amuna, ndipo poti ndi munthu wofatsa, anameza mawu awo. Kunena zoona, ndinkaopa kuti kumeneko wina akandidzutsa.

Inafika nyengo yokumba mtedza, ndipo tsiku lina ndinakhala pansi m'munda kuthothola pamodzi ndi azimayi ena. Nditati ndiimirire, phiri linapendekeka, thambo linabwera pansi, mawu a anthu n'kumamveka kutali kwambiri. Ndinatsitsimuka ndili panjinga yamoto, wakabaza kutsogolo, amuna anga atandigwira kumbuyo. Kuchipatala chaching'ono anamwino anandiyeza mkodzo, anandigoneka, anapapasa pamimba nthawi yaitali n'kumvetsera ndi kachitsulo kawo. Kenaka anakhala pansi pambali panga.

"Mayi, muno mulibe mwana."

Ndinawagwira dzanja n'kuliika pamene pankagunda paja, ndinati amve okha. Anamva ndithu, poti nthawi yomweyo munayenda. Anandiyang'ana mwachisoni, nati umenewo ndi mpweya ukuyenda m'matumbo. Sindinalire. Ndinangogona chagada n'kumayang'ana denga, dzanja likadali pomwepo.

Anatitumiza kuchipatala chachikulu cha kuboma, a kumeneko n'kutitumizanso ku Lilongwe. Anandiyeza chifuwa chachikulu, kachilombo, njoka za m'mimba, anandiunikanso pamakina kufuna chotupa, koma zonsezo kunalibe. Chimene anapeza n'chakuti magazi anali atachepa kwambiri ndipo thupi linali ndi njala, chonsecho ndinkadya kuposa aliyense pamudzi. Dokotala amene anandiona kumeneko anali mayi wodekha. Anandifunsa mafunso amene palibe anandifunsapo, za opaleshoni ija, za kuchimbudzi, za nthawi imene mimba imatupa, ndi za mankhwala amene ndakhala ndikumwa. Za makapisozi ndinaulula amuna anga ali pomwepo, atazyolika.

Anandifotokozera kuti m'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri ndi tabwino, timathandiza kugaya chakudya ndi kuteteza thupi. Malo ake enieni ndi m'matumbo aakulu, kumunsi. M'matumbo aang'ono, mmene thupi limayamwira chakudya, timayenera kukhala tochepa. Mbuzi ndi chuma zikakhala m'khola, anatero, koma zikalowa m'dimba ndi nkhani ina. Kwa ine, chipsera cha mkati chinachititsa kuti matumbo aziyenda mwaulesi, chakudya n'kumachedwa panjira. Mapiritsi a chilungulira aja anazimitsa asidi wa m'chifu amene amapha tizilombo tolowa ndi chakudya. Makapisozi nawo ankapha mosasankha, tabwino kutha, touma mitu kutsala. Ndiye tizilombo tinachulukana malo osayenera, n'kumadya chakudya changa thupi lisanachiyamwe, ine n'kumandisiyira mpweya. Kumwezi ndinasiya kupita chifukwa thupi lanjala limatseka zina kuti lipulumuke. Mbatata ndi nyemba za m'mawa zija ndinkadyetsa tizilomboto.

Anati makina opimira mpweya wa m'kamwa, amene amathandiza kutsimikiza matendawa, analibe, koma zizindikiro zonse zinkaloza kumeneko. Ndinadabwa atandilembera makapisozi enanso. Anaseka pang'ono, nati awa wawasankha ndi munthu amene wandiyeza, ali ndi tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, ndipo ndikamaliza ndisakagulenso ena. Anandiyambitsa jakisoni wa mavitamini wobwezeretsa magazi ndi mitsempha, koma ananeneratu kuti dzanzi la kumapazi mwina silidzatheratu, poti ndinachedwa. Anandiletsa kaye nyemba, mkaka, nzimbe ndi zotsekemera. Anatinso ndisamangodya pafupipafupi, ndizisiya mpata pakati pa chakudya kuti matumbo azipeza nthawi yodzisesa. Pambuyo pake ndidzabwezere zakudyazo chimodzichimodzi, pamodzi ndi masamba osiyanasiyana, kuti tizilombo tabwino tibwerere m'malo mwake.

Ulendo wobwerera kumudzi unandiopsa kuposa matendawo. Amuna anga njira yonse anangonena kuti bola moyo. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kumanga mbale ndi zitenje zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Msakambewa, poganiza kuti mkazi amene wapusitsa mudzi wonse sangagonenso pakhomopo. Mawa lake masana ndinapeza apongozi m'chigafa chopanda fodya, akusenda mtedza wa mbewu. Ndinagwada chapatali n'kuyamba kupepesa kuti ndawachititsa manyazi, kuti ndawadyera nyemba zawo pachabe. Sanandilole kumaliza.

"Khalani bwino, mwananga. Wopepesa ndine. Ine ndinadziwa kalekale."

Ndinadzutsa mutu kuwayang'ana, iwo n'kupitiriza.

"Ndabereka ine. Pathupi sipaphwa m'mawa. Tsiku lina ndinakuonani mukutaya madzi kuseri musanadye, pamimba pali see. N'chifukwa chake alangizi sindinawaitane. Mwamuna wanunso anabwera kudzandifunsa, ine n'kumuuza kuti atseke pakamwa, zimenezo satchula."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Ndikanayambira pati? Munkaseka, inu amene munali mutaiwala kuseka. Ndinkati mwina Mulungu achita zake ndisanalankhule. Ndiye ndinkangoonjezera nyemba."

Inu owerenga, ndinakwiya. Ndinakwiyira apongozi, ndinakwiyira amuna anga amene ankagona pambali panga n'kumaona zonse, ndinakwiyira azimayi a pamjigo, poti pambuyo pake ndinamva kuti ambiri ankakayika. Anthu onsewo ankandiona ndikuuma, aliyense n'kumasunga ulemu. Koma mkwiyowo unasowa pokhala, chifukwa woyamba kudziwa ndinali ine mwini, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Katundu wanga sindinamange. Amuna anga anapita okha kwa amalume awo. Zimene anakambirana sindizidziwa, koma anabwerako maso ali ofiira, ndipo nkhani ya mkazi wina sinamvekenso.

Kuchira kunatenga nthawi. Jakisoni anandiyeretsa m'mutu, mpaka ndinadabwa kuona mapiri athu ali mbee, mwala uliwonse pamalo pake. Dokotala atalola, apongozi ankayenda mtunda kupita kwa mlimi wina wa ng'ombe za mkaka kukanditengera chambiko, ndipo ndinayamba ndi kasupuni chabe. Kenaka thobwa losathira shuga, kenaka bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, mpaka nyemba zinabwerera m'mbale, zochepa, zoyamba zaviikidwa. Matendawa anadzabweranso kamodzi, poti chipsera chikadalipo, koma ulendo umenewo ndinathamangira kuchipatala osadikira kugwa. Kumwezi ndinayambiranso kupita. Mwana sitinapatsidwe mpaka pano, ndipo zala za kumapazi sizimva bwinobwino ngakhale nditaponda minga.

Ndiye ndikupempheni, makamaka amayi anzanga. Makapisozi a m'kachikwama asiyeni. M'mimba si mphika woti muzikwecha, muli zamoyo zimene zimakusungani, ndipo mukazipha mudzazifuna. Mimba ikamatupa mukadya n'kuphwa mukagona, mukamaonda chonsecho mukudya, pitani akakuyezeni, ndipo mukanene zonse, ngakhale za kuchimbudzi. Mukaganiza kuti mwaima, sikelo yambani msanga, a mtima woipa muwasiyire Mulungu. Ndipo inu apongozi, inu amuna, inu anzathu a pamjigo, mwambo wosatchula uli ndi malo ake, koma mukaona munthu akuuma, mutengereni pambali mumufunse. Adzakukwiyirani, inde, koma wokwiya ali moyo amadzapepeseka.

Chimodzi chokha ndi chimene a kuchipatala sanandichenjeze. Masiku atadutsa ndikudya n'kukhuta mimba osatupa, pakhomo panali chisangalalo, amuna anga mpaka anapha tambala. Ine ndinazemba anthu akudya n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ndinakhala pansi n'kulira maliro opanda mtembo, oti palibe angabwere kudzakhuza. Apongozi anandipeza komweko. Anakhala pansi pafupi nane, mwendo kukhudza mwendo, zimene mpongozi sachita, ndipo ulendo uno sanakhale chete.

"Munali mutamutcha dzina?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiuzeni, ndimulire nanenso. Anali mdzukulu wanga."

Ndinawauza. Mpaka lero dzinalo timalidziwa awiri.